Ronan Point: lipoti la nyumba imene inagwa ngodya, ndi zimene timapezabe tikatsegula makoma

Pa 16 May 1968, nthawi ili cha m'ma 5:45 m'mawa, mayi wina wa zaka 56 anayatsa machesi m'khitchini mwake kuti atereke madzi a tiyi. Ankakhala m'fulati nambala 90, pansanjika ya 18 ya Ronan Point, nyumba ya khonsolo ya Newham ku Canning Town, kum'mawa kwa London. Gasi anali atadzaza m'nyumbamo kudzera pa nati yosweka ya paipi yopita ku chitofu, ndipo machesi atangoyaka panaphulika. Mayiyo anagwera uko n'kukomoka, koma anapulumuka. Khoma lakunja la fulati yake ndi limene silinapirire. Linakankhidwira panja lathunthu.

Khoma limenelo linali litasenza nsanjika zinayi za pamwamba pake. Litachoka, nsanjikazo zinatsala m'malere n'kugwera pa silabu ya nsanjika ya 18. Silabuyo inalephera katunduyo n'kugwera ya 17, ya 17 inagwera ya 16, choncho mpaka pansi. Ngodya yonse ya kum'mwera chakum'mawa inayoyoka. Anthu anayi anafera pomwepo ndipo 17 anavulala. Maliro akanachuluka kuposa apa, kungoti mbali yaikulu imene inagwa inali ya zipinda zochezera, pamene pa ola limenelo anthu ambiri anali adakali m'mabulangete. Komanso mwa mafulati anayi a pamwamba pa nambala 90, atatu anali asanalowe anthu, pakuti nyumbayo inali itangomalizidwa mu March chaka chomwecho.

Ine ndine injiniya wa zomangamanga, ndipo mbali ina ya ntchito yanga kuno ku England ndi kuyeza nyumba zakale zosanja za makhonsolo zimene zinamangidwa mofanana ndi Ronan Point. Anthu akamaikamba nkhaniyi, ena amaloza gasi, ena amaloza kutalika kwa nyumba. Ine ndimaloza polumikizira, kamalo kopapatiza pamene khoma limakumana ndi silabu. Kamaloka kakangotsekedwa ndi pulasitala palibenso amene amakaona, ndipo mapepala onse amanena kuti kali bwino.

Chimene chinawakankhira ku nyumba za kufakitale

Canning Town ili m'mbali mwa madoko a Royal Docks, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndege za Germany zinasakaza kwambiri dera limeneli. Nyumba zambiri za West Ham zinaphwasuka ndi mabomba. Zotsalazo zambiri zinali zakalekale, zachinyezi, zopanda bafa, chimbudzi chili kuseri. Pamene West Ham ndi East Ham zinkaphatikizidwa mu 1965 kukhala Newham, khonsolo yatsopanoyo inalandira mndandanda wautali wa mabanja odikira pokhala.

Zipani nazo zinkapikisana pa manambala. A Conservative analonjeza nyumba 300,000 pachaka, ndipo Harold Macmillan ali nduna yoona za nyumba anafikapo mu 1953. Boma la Labour la Harold Wilson linakweza lonjezo kufika pa 500,000 pachaka pomafika 1970. Pamenepo sanafikepo, koma mu 1968 momwemo dziko linamaliza nyumba zoposa 400,000, chiwerengero chimene sichinapitiriridwe mpaka lero. Amisiri oyala njerwa ndi akalipentala sankakwanira pa liwiro lotere. N'chifukwa chake nduna za mbali zonse, Keith Joseph wa Conservative ndi Richard Crossman wa Labour, zinkalimbikitsa makhonsolo kugula nyumba zoumbiratu kufakitale. Panalinso nyambo ya ndalama. Lamulo la sabuside la 1956 linkati fulati ikakwera m'mwamba, ndalama zimene boma limapereka pa fulatiyo zimakweranso. Khonsolo yokhala ndi malo ochepa ndi anthu ambirimbiri sinkafunika kuuzidwa kawiri.

Newham inasankha njira ya Larsen-Nielsen, imene inayambira ku Denmark mu 1948, ndipo ku Britain chilolezo chake chinali ndi kampani ya Taylor Woodrow Anglian. Makoma ndi masilabu ankaumbidwa ndi konkireti kufakitale ya ku Lenwade, m'chigawo cha Norfolk, n'kubwera pamalo ngati mapanelo athunthu, ena mawindo ali kale m'malo mwake. Kireni inkawanyamula n'kuwasanja. M'nyumba yotere mulibe mizati kapena mabimu. Makoma okhawo ndi amene amasenza chilichonse. Kwawo ku Denmark njirayi anaikonzera nyumba zosapitirira nsanjika 6. Ronan Point inali ndi nsanjika 22, mamita 64 kutalika, mafulati 110, asanu pansanjika iliyonse. Ntchito inayamba mu July 1966, ndipo dzinalo linachokera kwa Harry Ronan, amene anakhalapo wapampando wa komiti ya nyumba m'khonsoloyo.

Sindifuna kuti owerenga awaone makhansala a nthawi imeneyo ngati zitsiru. Banja lochoka m'kanyumba kodontha, kumene ana ankasambira m'beseni kukhitchini, linkalowa m'fulati yokhala ndi bafa, madzi otentha a pampopi, chimbudzi cha m'nyumba ndi zipinda zazikulu bwino. Ambiri analowamo akusangalala, ndipo anali ndi chifukwa.

Polumikizira

Pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona apa.

Panelo iliyonse ya khoma inkabwera ndi mabawuti awiri otuluka pamwamba pake. Khoma likaima, masilabu ankabwera n'kukhazika timilomo tawo tating'ono m'mphepete mwa khomalo, ndipo mpata wotsala pakati ankathiramo konkireti pamalo pomwepo. Kenako kireni inkatsitsa panelo ya nsanjika yotsatira n'kuikhazika pa manati a mabawuti aja. Amisiri ankapotoza manatiwo, uyu akweze pang'ono, uyu atsitse, mpaka khoma litawongoka. Pansi pake pankatsala kampata kongolowa zala. M'kampata kameneka munthu ankayenera kugwada n'kutsenderamo matope a simenti ouma pang'ono, kuyambira kumapeto kuno mpaka uko, osasiya bowo. Matopewo akalimba, kulemera konse kwa nyumba kunkayenera kukhala pa iwo, mabawuti atatha ntchito yawo. Pa mapulani a Ronan Point, polumikizira pa khoma la m'mbali ankapatcha H2.

Tsono funso n'lakuti, china chake chikalikankha khomalo kuchokera m'kati, n'chiyani chikuligwira kuti lisatuluke? Panali tizitsulo tochepa tomangira silabu ku khoma, koma kwenikweni linkagwidwa ndi kulemera kwa zimene zili pamwamba pake. Likapanikizidwa kwambiri, limavuta kusuntha. Pansanjika yachiwiri, khoma lili ndi nsanjika 20 zolitsindira. Pansanjika ya 18 lili ndi zinayi zokha. Anthu ambiri amaganiza kuti pansi ndi pamene pali poopsa chifukwa ndi pamene pali katundu wambiri, koma pa kuphulika zinthu zimatembenuka, m'mwamba ndi mmene khoma lili lomasuka. Fulati nambala 90 inali pamalo oipitsitsa: m'mwamba mokwanira kuti khoma lisunthe mosavuta, komanso ili ndi nsanjika zokwanira pamwamba pake kuti zikagwa ziswe zonse za m'munsi.

Amene anamangapo nkhokwe amadziwa kuti mitengo ingakhale yolimba chotani, luzi likachepa nkhokweyo ndi ya chaka chimodzi. Mapanelo a Ronan Point anali olimba ndithu, konkireti wa kufakitale, woumbidwa pansi pa denga. Chomangira ndi chimene chinachepa.

Vuto lachiwiri likuchokera pomwepo. M'nyumba ya konkireti wothira pamalo, zitsulo zimayenda mosaduka kuchoka mu mzati kulowa mu bimu mpaka mu silabu. Mukachotsa khoma limodzi kapena mzati umodzi, nyumba imalendewera, imang'aluka, koma katundu amapeza njira ina yotsikira pansi. Pa Ronan Point njira inali imodzi yokha. Khoma limodzi litachoka panalibenso kwina kodzera, ndipo silabu iliyonse yogwa inkasanduka nyundo yoswera inzake ya m'munsi. Kugwa kotsatizana kotereku mainjiniya ankakudziwa pang'ono kuchokera ku nyumba zophulitsidwa pa nkhondo, koma m'malamulo a zomanga munalibe mzere ndi umodzi womwe wokamba za iko.

Zimene ofufuza anapeza

Boma linaika komiti ya anthu atatu: loya Hugh Griffiths ngati wapampando, pamodzi ndi akatswiri awiri, Sir Alfred Pugsley ndi Sir Owen Saunders. Lipoti lawo linatuluka chaka chomwecho cha 1968.

Anapeza kuti nati ya paipi ija inali yosafika pa muyezo, ndipo inang'aluka chifukwa chomangitsa. Anapezanso kuti kuphulikako sikunali kwachilendo. Kunali kwa mtundu umene umachitika nthawi ndi nthawi m'nyumba za gasi, ndipo umboni wina unali wakuti makutu a mayi uja sanawonongeke ngakhale anali pomwepo. M'nyumba ya njerwa ya nsanjika ziwiri kukanaswa mawindo ndi zitseko, nyuzipepala ya m'deralo n'kulemba kankhani kochepa, basi.

Chimene chinawawa kwambiri anthu a ntchito yathu n'chakuti mapulani a nyumbayo sanaphwanye malamulo amene analipo. Malamulowo ndi amene anali atatsalira. Muyezo wa mphamvu ya mphepo unali wa 1952, wolembedwa nyumba zazitali chotere zisanafale, ndipo komitiyo inachenjeza kuti chimphepo champhamvu chingathe kuvulaza makoma a nsanjika za m'mwamba. Inachenjezanso za moto: silabu ikatentha imafutukuka, ndipo ikafutukuka imakankha khoma lomwe lija. Pa kamangidwe ka amisiri, ofufuzawo anaona zolakwika zina koma anati si zimene zinagwetsa nyumba. Pa mfundo imeneyi ndi pamene lipotilo linapepuka, ndipo zinatenga zaka 18 kuti zioneke.

Unduna woona za nyumba unatumiza makalata awiri kwa makhonsolo chakumapeto kwa 1968. Yoyamba, nambala 62/68, inalamula kuti nyumba za mapanelo zopitirira nsanjika 6 ziyezedwe ngati zingapirire mphamvu ya 34 kN pa sikweya mita, kumene kuli ngati kukankha khoma ndi matani pafupifupi 3.5 pa sikweya mita iliyonse. Yachiwiri, 71/68, inalola theka lake, 17 kN, ngati gasi wa m'mapaipi wachotsedwa m'nyumbamo. Mu 1970 malamulo a zomanga anasinthidwa kuti nyumba ya nsanjika zisanu kapena kuposerapo izitha kuima ngakhale chiwalo chimodzi chitachotsedwa, apo ayi chiwalocho chipirire 34 kN ija. Nambala imeneyi idakalipo. Ili mu Approved Document A, buku la malangizo a boma pa za kulimba kwa nyumba ku England, inalowanso m'miyezo ya ku Ulaya, ndipo achinyamata ambiri amene amailemba m'makompyuta mwawo lero sadziwa kuti inabadwira m'khitchini ya ku Canning Town.

Kukonza, kukana, kugwetsa

Ngodya yogwayo anaimanganso. M'mafulati onse anamangirira zitsulo zopindika pakona pamene khoma likumana ndi silabu, gasi anachotsedwa, ndipo anthu anabwereramo. Kwa akuluakulu nkhani inathera pomwepo.

Panali munthu mmodzi amene sanaivomereze, katswiri wojambula mapulani a nyumba dzina lake Sam Webb. Iye anakhala zaka zambiri akunena kuti nyumba zimenezi sizinamangidwe monga mapulani akunenera. Ochita lendi nawo anali ndi umboni wawo umene sunkafuna digiri. Fungo la zophika za m'munsi linkamveka m'mwamba, mawu a anthu ankadutsa nsanjika, mphepo inkalowera m'munsi mwa khoma. Kumene kukudutsa fungo ndi mawu, utsi ndi moto zidutsanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anthu okhala m'nyumba zosanja za ku Newham anapanga gulu lawo, Webb n'kumawathandiza pa za ukatswiri, ndipo anaivutitsa khonsolo mpaka inalola kuti nyumbayo iyezedwenso. Mu 1984 anthu anasamutsidwa.

Chimene Webb analimbikira, ndipo pa ichi tonse a ntchito imeneyi tili naye ngongole, n'chakuti nyumbayo isaphulitsidwe ndi mabomba monga ankachitira ndi zina. Anafuna iphwasulidwe nsanjika imodziimodzi kuchokera pamwamba, polumikizira paliponse patsegulidwe, palembedwe. Zinachitikadi choncho mu 1986. Zimene zinatuluka zinadabwitsa ngakhale iye mwini. M'malo ambiri amene munayenera kukhala matope otsendereka munali mabowo, manyuzipepala opindapinda ndi zinyalala za pamalo omangira. Makoma ambiri anali atakhalabe pa mabawuti awiri aja. Kulemera kumene kunayenera kufalikira m'litali lonse la khoma kunali kutaunjikana pa timalo tiwiri, ndipo m'nsanjika za m'munsi konkireti anali atayamba kung'aluka pamalo amenewo.

N'zosavuta kutukwana amisiriwo, koma taganizani za ntchitoyo. Munthu wagwada pa silabu, mamita 50 m'mwamba, mphepo yozizira ya kumtsinje wa Thames ikumuwomba, akutsendera matope ndi kachitsulo m'kampata kamene sakuona mkati mwake. Kireni ikudikira ndi panelo ina. Malipiro pa malo ambiri omangira nthawi imeneyo ankatengera kuchuluka kwa zimene mwaimika. Akangopaka matope kumaso kwa mpatawo, woyang'anira akadutsa aona mzere wosalala bwinobwino. Njira yomangira imene moyo wa anthu 260 wadalira ntchito yosaoneka, yotopetsa, yochedwetsa malipiro a woigwira, ndi yolakwika kuyambira pa tebulo la wojambula. Fakitale inatsimikizira ubwino wa panelo iliyonse, koma nyumba si mapanelo, ndipo mbali yotsalayo inasiyidwa m'manja mwa munthu wofulumira.

Newham inagwetsanso nyumba zinzake za mtundu womwewo za pamalopo, n'kumangapo nyumba zazifupi zokhala ndi timinda. Bungwe la boma lofufuza za zomanga, Building Research Establishment, linatulutsa lipoti la Ronan Point ndi nyumba zina za Taylor Woodrow Anglian mu 1985, kenako lina la nyumba zonse za mapanelo mu 1987, ndipo eni nyumba anauzidwanso kuti aziyeze.

Phunziro limene linatengedwa molakwika

Mabuku ambiri amati Ronan Point ndi imene inathetsa nyumba zosanja za makhonsolo ku Britain. Zoona zake n'zakuti zinali zitayamba kale kutha. Lamulo la sabuside la 1967 linali litachotsa ndalama zowonjezera pa nsanjika zopitirira 6, ndipo makhonsolo anali atayamba kuona kuti nyumba zazitali n'zodula kumanga ndi kusamalira. Ngoziyo inangopereka chithunzi chimene aliyense akanatha kuchimvetsa: nyumba yatsopano, ngodya itasendeka, zitseko zikulendewera m'malere.

Chithunzicho chinaphunzitsa anthu kuopa kutalika ndi kuda akatswiri ojambula mapulani. Koma Ronan Point sinali maloto a katswiri wina wotchuka. Inali katundu wa kontirakitala, wogulidwa monga alili, wobwerezedwa m'madera ambiri. Nyumba zazitali zimene akatswiri anajambuladi mosamala n'kuzimanga ndi konkireti wothira pamalo zidakaima. Trellick Tower ya Ernő Goldfinger, ya nsanjika 31, inatha mu 1972 anthu ataipidwa kale ndi nyumba zotere, inadutsa m'zaka zoipa za umbava ndi kusasamalidwa, koma mu 1998 inalowa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndipo lero anthu amalimbirana mafulati ake. Nsanja zitatu za ku Barbican n'zazitali kuposa pamenepo.

Mbali inayi, taonani Hulme Crescents ku Manchester. Zinamalizidwa mu 1972, patatha zaka zinayi ngozi ya Ronan Point itachitika. Sizinali nsanja, zinali nyumba zazitali m'litali, zokhota, zokhala ndi makonde oyendamo anthu m'mwamba. Koma zinali zoumbiratu kufakitale, zomangidwa mothamanga, ndipo chinyezi, mphemvu ndi mbewa zinapeza njira m'mipata yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinagwetsedwa. Kufupikitsa nyumba sikunachiritse matenda a polumikizira.

Zabwino zinatulukapo ndithu m'zaka zotsatira. Ku Byker, mu mzinda wa Newcastle, Ralph Erskine anatsegula ofesi pakati pa anthu amene ankawajambulira nyumba kuti azibwera kudzadandaula mapulani asanathe. Ku Camden, Neave Brown anamanga Alexandra Road, yothithikana koma yosakwera kwambiri. Kenako lamulo la 1980 linalola ochita lendi kugula nyumba za khonsolo, ndalama zomangira zinauma, ndipo makhonsolo anasiya pafupifupi kumanga. Nyumba za mapanelo zimene zinalipo zinangotsala, zikukalamba, anthu ali momwemo.

Zimene timapeza lero

Moto wa Grenfell Tower, nyumba yosanja ya ku London, pa 14 June 2017, umene unapha anthu 72, sunali wa mapanelo a mtundu uwu. Koma unachititsa kuti madandaulo a ochita lendi ayambe kumvedwa. Ku Ledbury Estate, ku Peckham, kunali nsanja zinayi za Larsen-Nielsen zomangidwa ndi kampani yomwe ija cha m'ma 1968 mpaka 1970. Okhalamo anali atadandaula kwa zaka zambiri za ming'alu pakati pa khoma ndi silabu, ina yolowa dzanja. Mainjiniya a kampani ya Arup atatsegula anapeza kuti kulimbitsa kumene aliyense ankakhulupirira kuti kunachitika pambuyo pa 1968 kunalibe, chonsecho gasi ankayendabe m'mapaipi. Mu August 2017 gasi anatsekedwa. Nsanjazo zinamangidwa ndi Greater London Council n'kuperekedwa ku khonsolo ya Southwark pambuyo pake, ndipo chikhulupiriro chakuti zinalimbitsidwa chinangoyenda kuchoka m'manja ena kupita m'manja ena. Mu 2018 nyumba ziwiri za ku Broadwater Farm ku Tottenham, Tangmere ndi Northolt, zinapezeka zosafika pa muyezo. Mu November 2023 anthu pafupifupi 400 anatulutsidwa mwadzidzidzi mu Barton House ku Bristol, nyumba ya 1958, atapeza kuti sinamangidwe monga mapulani ake. Sam Webb sanaione imeneyi, anamwalira mu 2022.

Ntchito yathu imayamba ndi mapepala. Nthawi zambiri timapatsidwa mapulani ofiira ndi ukalamba, kapena kalata imodzi ya m'ma 1970 yonena kuti ntchito yolimbitsa yavomerezedwa. Kalata yovomereza ntchito si umboni wakuti ntchito inagwiridwa. Ngakhale mapulani olembedwa kuti umu ndi mmene tinamangira timawatenga ngati mphekesera mpaka titaona ndi maso. Buku limene timatsatira ndi la Building Research Establishment la 2012, ndipo nalo limafuna kuti munthu atsegule.

Kutsegulako kumayenda motere. Choyamba amabwera oyeza asibesitosi, chifukwa nyumba za zaka zimenezo zili naye m'malo osayembekezeka. Kenako timayendetsa makina ounikira zitsulo pakhoma ndi pasilabu kuti tione pamene zili. Makinawo amakuuzani kuti pali chitsulo, koma sakuuzani ngati chakoledwa ku chinzake. Ndiye timachotsa kathabwa ka m'munsi mwa khoma, n'kugumula konkireti pang'onopang'ono ndi kamakina kakang'ono, mpaka polumikizira pataonekera. Pamene sitingagumule timaboola kabowo n'kulowetsa kamera ya pa waya.

M'nyumba ina ya kumpoto kwa England, imene sinditchula dzina, tinatsegula pakona pa chipinda chochezera cha fulati ya m'mwamba. Mwini wake, gogo wina amene analowamo ali mtsikana nyumbayo ili yatsopano, anali atakankhira sofa pakati pa chipinda n'kuiphimba ndi nsalu. Kumaso kwa mpata kunali matope osalala bwino, okhuthala ngati chala. Titawagumula, tochi inaunika mdima. Ndinalowetsa tepi yoyezera ndipo inapita mpaka kukagunda mbali inayo popanda choitchinga. M'katimo munali thumba la simenti lopindidwa, lotsekera kuti matope a kumaso aja asagwere m'kati. Zitsulo zopindika ngati ngowe zochokera mu silabu zinalipo ndithu, koma zinali zitagonekedwa pansi, mwina kuti panelo ikhale msanga, ndipo chitsulo chimene chinayenera kudutsa m'kati mwake kuti chizikole chinalibe. Makina aja anali atationetsa zitsulo pamalo pake penipeni. Sananame, kungoti zitsulozo sizinkagwira kanthu.

Gogoyo anasuzumira, n'kundifunsa kuti, "Ndiye mukuti ndigone muno usiku uno?"

Funso limeneli ndi limene limavuta pa ntchito yonseyi, ndipo masamu salithetsa okha. Nyumbayo yaima zaka zoposa 50, ndipo pa katundu wa tsiku ndi tsiku iimabe. Chimene ilibe ndi mphamvu yopirira tsiku loipa: kuphulika, moto waukulu wosazimitsidwa msanga. Kuwatulutsa anthu usiku womwewo kuli ndi mtengo wake, okalamba kugona m'mahotela miyezi, ana kutalikirana ndi sukulu, odwala kusiyana ndi anansi amene amawayang'anira. Kuwasiya kulinso ndi mtengo wake. Ndinawayankha kuti agone, koma ndinafunsa ngati ali ndi botolo la gasi kapena la okosijeni m'nyumbamo, ndipo madzulo omwewo tinaimbira eni nyumba.

Kutsegula pamodzi sikukwanira kuweruza nyumba yonse. Polumikizira pena m'nyumba yomweyo tinapeza ntchito yabwino kwambiri, matope olimba mpaka kumapeto, zitsulo zokoledwa bwino. Zimaoneka kuti gulu lina la amisiri linkasamala, lina ayi, kapena gulu lomwelo linkasamala m'mawa n'kutopa madzulo. Kusadalirika kumeneku n'kumene kumatisowetsa mtendere, chifukwa nyumba yotere imayezedwa ndi polumikizira pake pofooka, osati pa avereji. Eni nyumba amafuna titsegule malo ochepa, poti kutsegula kulikonse ndi ndalama ndi fumbi m'nyumba ya munthu. Ife timafuna ambiri, makamaka pa makoma a m'mbali a nsanjika za m'mwamba.

Kuyambira pa lamulo la Building Safety Act la 2022, mwini nyumba yokhalamo anthu ya mamita 18 kapena nsanjika 7 kupita m'mwamba ayenera kusonyeza ndi umboni kuti akudziwa mmene nyumba yake ingagwere kapena kupsera, ndi zimene wachita. Lamuloli ndi limene latichulukitsira ntchito. Makhonsolo ena akupeza tsopano kuti funso limene anafunsidwa mu 1968, n'kufunsidwanso m'ma 1980, sanaliyankhe.

Pa nyumba ya gogo uja, lipoti lathu linati sikufika pa 34 kN, ndipo makoma a m'mbali a nsanjika za m'mwamba sakufika ngakhale pa 17. Tinalangiza kuti gasi wa m'mapaipi atsekedwe msanga ndipo anthu apatsidwe zophikira ndi zotenthetsera za magetsi, mabotolo a gasi aletsedwe, mipata yonse yodutsa utsi itsekedwe, ndipo pakhale alonda oyendera moto usana ndi usiku mpaka alamu ya nyumba yonse itaikidwa. Pa za nthawi yaitali tinapereka njira ziwiri. Yoyamba ndi kumangirira zitsulo polumikizira paliponse, zimene zimafuna kuti anthu asamuke nsanjika ndi nsanjika, makhitchini ndi mabafa achotsedwe n'kubwezeretsedwa, ndipo pamapeto pake mumakhalabe ndi nyumba ya zaka za m'ma 1960 yokhala ndi mavuto ake ena. Yachiwiri ndi kugwetsa n'kumanga zina, pamene deralo lili kale ndi mabanja ambiri odikira nyumba. Kusankha pakati pa ziwirizi si kwa injiniya, ndi kwa makhansala ndi okhalamo, ndipo misonkhano yake ikuchitikabe. Gasi anatsekedwa, alamu inaikidwa, ndipo tapemphedwa kukatsegulanso makoma a nyumba inzake yoyandikana nayo, imene inamangidwa chaka chomwecho ndi kontirakitala yemweyo.